Za galu wanga uja wotsimphina pa chipale chofewa

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake Bwenzi, galu amene ndinamutenga kosungira agalu otayidwa kuno ku Aberdeen, mzinda wa ku Scotland, amatsimphina tikamayenda pa chipale chofewa. Inu amene munati ndi mchere munalondola. Mchere umene amawaza m'misewu kuti musaterere ndi umene unkamutentha pakati pa zala. Tsopano tikangofika ndimamutsuka mapazi ndi madzi ofunda, ndipo wasiya kudzinyambita usiku.

Kujambula nako ndayambiranso. Mu Disembala dzuwa kuno limalowa 4 koloko isanakwane, choncho ndimayamba m'mawa, iye atagona kunsi kwa tebulo. Zojambula ndazichotsa m'galaja, chifukwa kuzizira kunkachedwetsa penti kuuma. Pano ndikujambula mapazi amene amasiya pachipalepo. Mkati mwake simoyera ayi, ndi mwabuluu, ndipo ndasakaniza penti katatu kuti mtunduwo utuluke bwino.