Transverse sinus ya kumanzere yoduka pa MRV: ndi magazi oundana kapena chibadwa?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa a kuwodi akundiimbira mosalekeza. Mayi wina amene wabereka posachedwa wabwera mutu ukumupweteka kwambiri, ndipo pa MRV ya time-of-flight (chithunzi cha MRI choonetsa mitsempha potengera kuyenda kwa magazi) transverse sinus ya kumanzere, mtsempha waukulu wotulutsa magazi mu ubongo, ikuoneka yoduka pakati pomwe ya kumanja ili yaikulu bwinobwino. Iwo akufuna kuyamba heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, usiku womwe uno, koma ine mtima ukukana kulemba thrombosis, kuti magazi aundana mu mtsemphawo.

Mayi a ku CT: Achimwene, kwa anthu ambiri mtsempha wa kumanja ndiwo umakula, ndipo wa kumanzere ukakhala wochepa, magazi oyenda pang'onopang'ono motsata slice (kagawo ka chithunzi) amazimirira pa time-of-flight. Tsegulani bone window ya CT, yoonetsa mafupa, muone mphako ya sigmoid sinus (mtsempha wopitiriza transverse sinus) ndi jugular foramen (bowo la pansi pa chigaza lotulukira mtsemphawo). Ngati fupalo nalonso lili lopanikiza mbali imeneyo, mtsemphawo unabadwa choncho.

Mkulu wopuma pa ntchito: Mwana wanga, mayi wongobereka kumene sitimuweruza ndi fupa. Pangani CT venogram ya contrast, yojambula mitsempha mutabaya mankhwala oiwalitsa.

Mayi a ku CT: Bambo, sindikukana, koma kuno ku Harare contrast imadya ndalama za abale, ndipo si usiku uliwonse imapezeka.

Wa ku MRI: Ine ndinalandirapo wodwala amene anamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, kwa miyezi chifukwa cha arachnoid granulation, kanthu kobulungira kachibadwa ka mu mtsempha kooneka ngati madzi a mu ubongo (CSF) pa chithunzi cha MRI cha T2, kamene wina anakatcha clot. Samalaninso ndi superior sagittal sinus (mtsempha wa pakati, pamwamba pa ubongo) yogawikira pamwamba, chifukwa imanamiza ngati empty delta sign, chizindikiro cha magazi oundana pa CT ya contrast.

Mkulu wopuma pa ntchito: Zonsezo nzoona, koma mtsempha wochepa nawonso umatha kutsekeka, ndipo fupa silingakuuzeni zimene zachitika sabata ino. Ndabwereza, contrast.

Dokotala wa makutu: Poti mwatchula jugular foramen, chonde muzitilembera mukaona jugular bulb (poyambira mtsempha waukulu wa m'khosi) yokwera kufika m'khutu la m'kati mwa eardrum, makamaka fupa lophimba likasowa, chifukwa woiboola mosadziwa amakumana ndi magazi oopsa. Mastoid emissary vein (mtsempha wodutsa m'fupa la kuseri kwa khutu) yaikulu muziitchulanso.

Wa ku MRI: Achimwene, pa CT yopanda contrast sinus ingaoneke yowala mwa munthu wosowa madzi m'thupi, choncho yang'anani haematocrit (kuchuluka kwa maselo ofiira m'magazi), ndiponso onani ngati pa zithunzi za MRI za FLAIR ndi SWI ubongo watupa kapena wakha magazi mbali ya kumanzereyo.

Mkulu wopuma pa ntchito: Kaya ubongo uoneke woyera, venogram ichitike mayiyo asanatuluke.