Tadala anachitidwa opaleshoni ya mtima ali khanda, pano akuchedwa kulankhula. Ndivomere kafukufukuyu?

Make Tadala analemba:

Moni nonse. Nthawi zambiri ndimangowerenga zimene anzanga mumalemba muno, koma lero ndati nanenso ndifunse, chifukwa fomu iyi yakhala patebulo masiku asanu ndipo cholembera ndikungochigwira n'kuchisiya.

Mwana wanga Tadala anabadwa ndi vuto la mtima lotchedwa Tetralogy of Fallot. Tinadziwa ali ndi miyezi itatu. M'mawa wina atangodzuka analira kwambiri, milomo n'kuda bii, lilime lomwe, kenako n'kulefukira m'manja mwanga ngati kansalu konyowa. Atamuunika mtima, adokotala anatenga pepala n'kundijambulira zinthu zinayi: bowo pakati pa zipinda ziwiri zam'munsi, njira yopita kumapapo yopanikizika, mtsempha waukulu wa aorta wokhala pamwamba pa bowolo, ndi khoma la chipinda chakumanja lokhuthala chifukwa chopopa movutikira. Anandiphunzitsa kuti akayamba kuda milomo ndizimupinda miyendo, maondo agunde pachifuwa. Ndinamupinda choncho kasanu ndi kawiri tisanafike tsiku la opaleshoni. Ndinkawerenga.

Anamuchita ali ndi miyezi 7. Anakhala masiku 9 m'chipinda cha odwala mwakayakaya chifukwa madzi ankadzadza m'chifuwa. Lero ali ndi zaka zinayi, amathamanga, amakwera pampando n'kudumpha, milomo ili bwinobwino. Chipsera chake amachitcha "njanji".

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ichi. Anzake a msinkhu wake amafotokoza nkhani yonse, iye amangolumikiza mawu awiri kapena atatu. Batani la malaya limamukanika. Pensulo amaigwira ndi chibakera, ndipo kukhala pansi mphindi zisanu n'kovuta. Titapita kukaonetsa mtima mwezi watha anatipempha kuti alowe m'kafukufuku wotsatira kakulidwe ka ana amene anachitidwa opaleshoni ali makanda. Akuti azimuyesa kalankhulidwe ndi kaganizidwe chaka chilichonse, amujambule ubongo ndi makina a MRI kamodzi, ndiponso atenge magazi pang'ono kuti aone za majini, zija za m'thupi zimene mwana amatengera kwa makolo.

Bambo ake akukana. Akuti mwana wabayidwa mokwanira. Ine ndili pakati. Kodi makina aja amene anagwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo ndiwo anawononga ubongo wake? Kapena ndi miyezi itatu ija imene sindinazindikire? Nanga ndikasaina, Tadala apindula chiyani?

Namwino wa Ana anayankha:

Make Tadala, ndagwira ntchito m'wodi ya ana zaka zambiri, ndipo funso lanu lachiwirilo ndalimva kwa amayi ochuluka, ena akulinong'ona pakhonde poopa kulifunsa pamaso pa adokotala. Ndiyambe ndi limenelo. Mtima wa mwana umakhala utaumbika kale pofika sabata yachisanu ndi chitatu ya mimba, nthawi imene amayi ambiri angozindikira kumene kuti ndi oyembekezera. Pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo kwa ambiri chifukwa chenicheni sichipezeka. Ana ena a Tetralogy amabadwa akuoneka bwino ndithu, kudako kumabwera pambuyo pamene njira ya kumapapo ikunka nipanikizika. Ife amene tinaphunzira ntchitoyi timaphonya ndi maso. N'chifukwa chake zipatala zambiri tsopano zimayeza okosijeni wa khanda ndi kachipangizo kowala kaja, kudzanja lamanja ndi kuphazi, pakatha maola 24 chibadwire. Ku America anaika zimenezi pamndandanda wa zoyenera kuyeza khanda lililonse mu 2011. Inu munalibe kachipangizoko kunyumba. Munali ndi maso anu basi, ndipo tsiku limene munaona munathamanga naye.

Tsopano za makina. Madokotala nawonso poyamba ankawakayikira kwambiri. Kuchipatala cha ana ku Boston, pakati pa 1988 ndi 1992, anatenga makanda 171 amene mitsempha yawo ikuluikulu iwiri inasinthana malo. Ena anawachita opaleshoni ataziziritsa thupi n'kuimitsiratu magazi kwa kanthawi, ena magazi akuyendabe pang'onopang'ono m'makina. Anawo anawatsatira ali ndi chaka chimodzi, zaka 4, zaka 8 mpaka 16. Anapeza kuti kuimitsa magazi nthawi yaitali kunali ndi zovuta zake, makamaka pa kayendetsedwe ka manja ndi kalankhulidwe, ndipo zimenezi zinasintha kachitidwe ka madokotala ambiri. Koma chachikulu chinali china. Magulu onse awiri ankafanana pa zambiri: nzeru za ambiri zinali m'mulingo wa ana ena onse, koma ochuluka ankavutika kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kulongosola ntchito mwadongosolo ndi kufotokoza nkhani, ndipo ambiri anafunika thandizo lapadera kusukulu. Ndiye kuti nkhani sinali njira ya opaleshoni yokha.

Pambuyo pake ofufuza anayamba kujambula ubongo wa makanda opaleshoni isanachitike. Ku Philadelphia anapeza kuti makanda obadwa masiku atakwana koma ali ndi mavuto aakulu a mtima, ubongo wawo umakhala wotsalira kukhwima ndi pafupifupi mwezi umodzi. Izi zimayambira m'mimba, chifukwa magazi opita kumutu sayenda monga mwa nthawi zonse. Kuwonjezera apo pali majini. Ana ena a Tetralogy amasowa kachigawo kakang'ono pa chromosome 22, kamodzi mwa timitolo tosunga majini m'thupi, ndipo vuto limenelo limakhudzanso kalankhulidwe, kashiamu wam'magazi ndi chitetezo cha thupi. Kutalika kwa masiku amene mwana wagona m'chipatala nakonso kumawerengedwa. Choncho palibe munthu woona mtima amene angaloze chinthu chimodzi n'kunena kuti ichi ndiye chinachedwetsa Tadala.

Chimene ndikukupemphani n'chakuti musiyanitse zinthu ziwiri. Kuyezedwa kakulidwe ndi chithandizo chimene Tadala akufunika, kaya mwasaina kaya simunasaine. Bungwe la American Heart Association linalemba mu 2012 kuti ana amene anachitidwa opaleshoni ya mtima asanakwanitse chaka aziyezedwa kakulidwe mobwerezabwereza akamakula. Pemphani kuti amuyeze makutu kaye, chifukwa mwana wosamva bwino salankhula bwino, ndipo vutoli limabisala. Kenako pemphani katswiri wophunzitsa kulankhula. Musadikire kafukufuku pa zimenezi.

Bambo a Chisomo anayankha:

Ine ndikuwamvetsa bambo a Tadala, ndipo ndikupempha kuti musawaone ngati ouma mtima. Wanga anali ndi bowo lalikulu pakati pa zipinda zam'munsi. Ankayamwa mphindi ziwiri n'kusiya, thukuta lili kamukamu pamphumi, sikelo osakwera miyezi itatu yathunthu. Tsiku lina ndinamugwira miyendo anamwino akufunafuna mtsempha, anabaya kanayi osaupeza, ndipo mwanayo ankandiyang'ana ine, osati iwo. Bambo amene anagwirapo mwana wake choncho akamva mawu akuti "magazi pang'ono" amamva zina.

Ifenso anatipempha, patangotsala tsiku limodzi kuti opaleshoni ichitike, mitu itazungulira kale. Ndinakana chifukwa sindinamvetse zimene zinalembedwa ndipo wotifotokozerayo anali pachangu. Bowolo analitseka bwinobwino, palibe anatinyanyala. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti kukana n'kololedwa ndipo chithandizo cha mwana sichisintha. Mukhozanso kuvomera lero n'kudzatuluka chaka chamawa osapereka chifukwa. Malamulo oyendetsera kafukufuku wa anthu, amene madokotala a padziko lonse anayamba kugwirizana ku Helsinki mu 1964, amaika ufulu umenewu poyera.

Musanasaine afunseni ngati MRI ikufuna kumugoneka ndi mankhwala. Mwana wa zaka zinayi sangakhale duu m'makina aphokoso aja nthawi yaitali. Afunseninso ngati zotsatira adzakupatsani inuyo, komanso magaziwo akasungidwa kuti ndiponso kwa zaka zingati. Akakuyankhani mozungulira, pindani pepalalo mubwere nalo kunyumba.

Mtima Wosokedwa anayankha:

Mayi, ine ndili ngati Tadala wanu atafika zaka 34. Ndinabadwa ndi Tetralogy yomweyo, koma opaleshoni yanga inachedwa, anandichita ndili ndi zaka zisanu. Ndimakumbukira kuti ndikayenda pang'ono ndinkanjuta pansi. Palibe anandiphunzitsa, thupi linkadziwa lokha kuti ndikatero mpweya umabwerera. Nsonga za zala zanga zinali zotupa ngati timitu ta ndodo zoimbira ng'oma.

Ndili wamkulu ndinafuna kudziwa kuti moyo wangawu unachokera kwa yani. Dzina la matendawa ndi la dokotala wa ku Marseille, Étienne-Louis Arthur Fallot, amene anawafotokoza mu 1888, koma kwa zaka zoposa 50 pambuyo pake panalibe chochita, ana ambiri ankamwalira asanakule. Mu November 1944 ku Johns Hopkins ku Baltimore, dokotala wa ana Helen Taussig, dokotala wa opaleshoni Alfred Blalock ndi Vivien Thomas, munthu wakuda amene analibe digiri ya udokotala koma ndiye anayeserera njirayo m'labotale, analumikiza mtsempha wopita kudzanja ndi wopita kumapapo mwa kamtsikana kodwala kwambiri. Thomas anaima kumbuyo kwa Blalock n'kumamulangiza. Mu 1953 John Gibbon anagwiritsa ntchito bwino makina a mtima ndi mapapo kwa nthawi yoyamba. Mu 1954 ku Minnesota, Walton Lillehei ankalumikiza mwana ndi munthu wamkulu, kawirikawiri kholo lake, kuti mtima ndi mapapo a wamkuluyo zigwirire ntchito onse awiri pamene iye akusoka mkati mwa mtima wa mwanayo. Ndikaganiza za makolo amenewo, kugona pa tebulo pambali pa mwana wawo popanda wowalonjeza kalikonse, ndimasowa chonena.

Koma chimene ndalembera si mbiri. Ndili ndi zaka 17 anandiuza kuti ndachira, ndipo ndinasiya kupita kukaonetsa mtima. Zaka 12 zinadutsa. Ndili ndi zaka 29 ndinayamba kuwefuka pokwera masitepe, mtima n'kumagunda modumphadumpha usiku. Anapeza kuti valavu ya kumapapo, kachitseko koletsa magazi kubwerera mumtima, yakhala ikubweza magazi nthawi yonseyi ndipo chipinda chakumanja chakula kwambiri. Anandiika valavu ina. Adokotala anandiuza kuti zimenezi n'zodziwika bwino kwa anthu a Tetralogy, ndipo zinadziwika chifukwa chotsatira kwa zaka makumimakumi anthu amene anachitidwa opaleshoni kalekale. M'mayiko olemera, anthu akuluakulu obadwa ndi vuto la mtima tsopano ndi ambiri kuposa ana, ndipo madokotala akuphunzirabe kuchokera kwa ife.

Kusukulu ndinkatchedwa waulesi. Masamu ndinkakhoza ndikamafunsidwa pakamwa, koma kukopera zapabolodi ndinkatsalira tsiku lililonse, dzanja linkachedwa. Palibe anaganizapo kuti zikukhudzana ndi mtima, ngakhale ine. Akanandiyeza ndili ndi zaka zinayi, aphunzitsi anga akanadziwa chondithandiza nacho. Sindikukuuzani kuti musaine, a bambo a Chisomo anena zoona. Koma kaya mutani, musadzalole kuti Tadala asiye kuonetsa mtima, ngakhale atakula n'kumaoneka wamphamvu. Ndipo mano ake muziwasamala kwambiri, chifukwa tizilombo ta m'kamwa tikalowa m'magazi timakonda kukakhala pa valavu yosalongosoka.

Namwino wa Ana anayankhanso:

Ndiwonjezere pa za a bambo a Chisomo. Kufunsa makolo usiku woti mawa ndi opaleshoni si bwino, ndipo ndaonapo zikuchitika. Make Tadala, dziwaninso kuti wanuwu ndi kafukufuku wongoyang'ana, sakuyesa mankhwala kapena njira yatsopano pa mwana. Mafomu ambiri amalola kuvomera gawo lina n'kukana lina. Za magazi, pemphani kuti atenge tsiku limene akumutenga kale magazi a kuchipatala, asabayidwe kawiri.

Make Tadala analembanso:

Zikomo nonse. Usiku wa Lachiwiri ndinawerengera bambo ake zonsezi mokweza. Pa mawu a bambo a Chisomo, paja akuti mwana ankayang'ana iwo, anadzuka n'kutuluka panja. Atabwera anandiuza kuti tsiku limene ankamulowetsa Tadala ku opaleshoni ndi iwo amene anamupereka m'manja mwa anamwino, ndipo kuyambira pamenepo analumbira kuti sadzamuperekanso popanda chifukwa. Zaka zitatu ndi theka tili nyumba imodzi, sanandiuzepo zimenezi.

Lachinayi tinapita tonse. Mafunso tinawalemba kuseri kwa fomu yomweyo ndipo anafunsa ndi iwowo. MRI ikufunadi kumugoneka, ndiye takana. Zoyesa kalankhulidwe ndi kaganizidwe tavomera, ndipo atilonjeza lipoti chaka chilichonse loti tikapereke kwa aphunzitsi. Za majini tavomeranso, magazi adzatenga limodzi ndi a mwezi wamawa. Tinasaina tonse awiri.

Makutu anamuyeza tsiku lomwelo. Khutu lamanzere lili ndi madzi kuseri kwa nembanemba ndipo silikumva bwino, akuti tibwererenso pakatha masabata 6 aone ngati aphwa. Ndakhala ndikumukalipira kuti samvera ndikamuitana, chonsecho pabedi amagonera khutu lamanja, labwinolo lili pa pilo. Kuyambira dzulo ndikumulankhulira chakumanja, nditagwada kuti azindiona pakamwa.

A Mtima Wosokedwa, ndikufunseni chimodzi. Munali ndi zaka zingati pamene makolo anu anakufotokozerani za chipsera chanu, ndipo anayamba bwanji? Tadala wayamba kuloza njanji yake akamasamba n'kumati, "Ndani?"