Nkhani ya ndalama zolerera ana ija yagamulidwa

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati mayi angathe kukasuma yekha ku khoti, popanda loya, bambo wa ana akasiya kuthandiza. Ndinatsata malangizo a omwe anati ndiyambire ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Kumeneko amafunsa kaye za kapezedwe ka munthu. Anandithandiza kusanja zikalata, koma m'khoti ndinalankhula ndekha, m'Chichewa. Majisitireti walamula kuti bamboyo azipereka ndalama mwezi uliwonse, kuphatikizapo za fizi.

Kwa amene mukufuna kutero: samani amalemba ndi kalaliki wa khoti, ndipo mlandu suyenda ngati palibe umboni woti samaniyo inamufika woyankha mlanduwo, yemwe ndi bamboyo. Milandu yambiri imaimitsidwira pamenepa, choncho perekani malo enieni omwe munthuyo amagwira ntchito, osati kungotchula dera.

Chimene chimalankhula kwambiri ndi malisiti: a sukulu, a kuchipatala, a lendi. Lembani papepala limodzi ndalama zomwe mwana aliyense amafunika pa mwezi, mupange makope atatu, la khoti, la mnzanuyo ndi lanu. Tengani satifiketi ya kubadwa, kapena buku la kusikelo ngati mulibe satifiketiyo. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limapereka udindo kwa makolo onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi, ndiye nanunso mudzafunsidwa zomwe mumapeza. Zamikangano ya m'banja zisiyeni, majisitireti amafuna kumva za ana.

Musachoke osatenga chigamulo cholembedwa ndi nambala ya fayilo. Bamboyo akadzasiya kulipira, mudzabwerera nazo ku khoti lomwelo.