Kodi mvula imapha bwanji mphalapala za ku Svalbard?

Wofunsa: Ndinamva kuti m'chaka cha 2019 akatswiri a ku Norway anapeza mphalapala za kumadera ozizira (reindeer) pafupifupi 200 zitafa ndi njala pa zilumba za Svalbard, zimene zili kutali kumpoto kwa Norway, ndipo akuti chimene chinazipha ndi mvula. Kwathu kuno mvula ndiyo imabweretsa msipu, choncho ndikupempha amene mukudziwa mundimasulire nkhaniyi.

Yankho loyamba: Bambo, vuto lagona pa nthawi imene mvulayo ikugwa. M'nyengo yozizira, pamene dzuwa silituluka kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale, mphalapala zimafukula chipale chofewa ndi ziboda kuti zipeze udzu ndi ndere zimene zili pansi pake. Chipalecho n'chofewa ngati ufa, ndipo nyama imachipalasa mosavuta. Koma kunja kukafunda kwa masiku awiri kapena atatu, mvula imagwa, madzi ake amalowerera mpaka pansi, kenako kukazizanso amaundana n'kukhala gwaa ngati simenti. Chakudya chilipo, nyama ikuchinunkhiza, koma chiboda sichingaswe ayeziyo. Zimene zimayamba kufa ndi ana ndi zokalamba zimene mano anaperepeseka, ndipo zina zimatsikira kugombe kukadya zomera za m'nyanja, zomwe zimazitsegula m'mimba. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa nyamazi zimadalira mafuta amene zinasunga m'miyezi yochepa yofunda, ndipo akatha palibe kothawira.

Yankho lachiwiri: Ndiwonjezepo kuti nawonso anthu a m'tauni ya Longyearbyen, ku Svalbard komweko, akuona mavuto obwera ndi kufunda kwa nyengo. Nyumba zawo zinamangidwa pa mizati yozikidwa m'nthaka imene imakhala youndana chaka chonse, koma nthakayo yayamba kufewa. Pa 19 Disembala 2015 chipale chinagumuka paphiri n'kukokolola nyumba, ndipo anthu awiri anamwalira. M'chaka cha 2016 madzi analowa m'ngalande yolowera kunkhokwe ya mbewu za padziko lonse, imene inatsegulidwa mu 2008, ngakhale kuti mbewuzo sizinaonongeke.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Nanga zimbalangondo zoyera zikupeza bwanji chakudya?

Yankho lachitatu: Zimbalangondozi zimasaka akatumbu a m'nyanja (seals) zitaima pa ayezi wa panyanja, ndipo ayeziyo akachedwa kuundana kapena akasungunuka msanga, zimakhalitsa kumtunda, kumene zimadya mazira a atsekwe, nthawi zina n'kugwira ngakhale mphalapala zimene. Kusaka zimbalangondozi kunaletsedwa mu 1973, koma poti n'zoopsa, aliyense wotuluka kunja kwa tauni amayenera kunyamula zoziopsezera, ndipo ambiri amatenganso mfuti.