Mbatata yofiira mkati: kodi phindu lili mu mtunduwo?

Nachisale:
Akuluakulu ndithandizeni. Ku sikelo amati ana tiziwapatsa mbatata yofiira mkati. Kodi phindu lake lili mu mtundu wofiirawo? Nanga tikaiphika kapena kuyanika makaka, limatsala? Kufiira kwa chidede n'chimodzimodzi?

Achimwene a ku Bvumbwe:
Eya mayi, lili mu mtunduwo. Chimene chimafiiritsa mbatatayi ndi beta-carotene, yemwe thupi limamusandutsa vitamini A wothandiza maso kuona kukamada komanso kulimbitsa chitetezo. Mbatata yoyera ili naye wochepa zedi. Funani mbatata ya Kadyaubwerere, Chipika kapena Anaakwanire, ndipo poitema muone mkatimo: yofiira kwambiri ndiyo ili naye wambiri. Magalamu 125, kambatata kamodzi, akwanira mwana wosafika zaka zisanu tsiku lonse.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: beta-carotene amayenda ndi mafuta, osati madzi. Mbatata yowiritsa yokha ndi tiyi wopanda mkaka, thupi limangotapako pang'ono. Pangani futali wa nsinjiro, kapena ponderani ndi kasupuni kamodzi ka mafuta ophikira.

Nangozo:
Kuwiritsa sikuwononga zambiri. Wiritsani ndi makoko ake, poto wovindikira, mphindi 20 mpaka 25, ikangofewa phulani. Vuto ndi makaka. Dzuwa ndi mpweya zimadya beta-carotene, ndipo amatherabe pang'onopang'ono m'thumba. Dulani mopyapyala, yanikani pathandala pamthunzi podutsa mphepo, sungani m'chigubu chotseka pamdima, ndipo musadutse miyezi iwiri. Makaka akayera mbuu, ndiye kuti mwatsala ndi ufa wokhutitsa basi.

Mwana akadya mbatata yofiira yambiri, zikhatho zimatha kuoneka zachikasu. Si matenda, zimatha akachepetsa. Koma maso nawonso akachita chikasu, imeneyo si mbatata, thamangirani kuchipatala.

Mlangizi wa zakudya:
Chidede ndi nkhani ina. Kufiira kwake ndi anthocyanin, ndipo sasanduka vitamini A, choncho sichingalowe m'malo mwa mbatata. Anthocyanin amasungunuka m'madzi: masupuni awiri a chidede chouma m'kapu ya madzi ongophulidwa kumene, vindikirani mphindi 10, sefani. Osachibwatitsa nthawi yaitali, ndipo soda asayandikire, mtundu umathimbirira n'kuwonongeka. Mandimu ndiye amaukhazika.

Kumwa tsiku ndi tsiku kumatsitsako BP pang'ono, koma si chifukwa chosiyira mapiritsi. Amene ali pa mankhwala a BP ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa adokotala.