Kodi zinthu zosunga kutentha posungunuka zingaziziritse nyumba m'madera otentha?

Mmisiri_wa_nyumba:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mphamvu ndi zomangamanga. Ndawerenga za zinthu zimene akatswiri amazitchula mwachidule kuti PCM, zomwe zimayikidwa m'khoma kapena pamwamba pa siling'i, ndipo masana zimasungunuka n'kumeza kutentha, kenako usiku zimaundana n'kutulutsa kutenthako. Kodi njira imeneyi ingachepetsedi kudalira makina oziziritsa mpweya kumadera kumene dzuwa limaswa mtengo, kapena imathandiza kumaiko ozizira kokha? Ngati imathandiza, ndi chinthu chiti chimene munthu angasankhe?

Mphunzitsi_wa_sayansi:
Bambo, chinsinsi chake chili pa zimene zimachitika chinthu cholimba chikamasanduka chamadzimadzi. Pa nthawi imeneyo chimalandira kutentha kochuluka koma icho osatentherako mpaka chonse chitasungunuka. Madzi oundana ndiwo chitsanzo chodziwika: kilogalamu imodzi imafuna makilojoule (muyeso wa mphamvu) 334 kuti isungunuke, ndipo mphamvu yomweyo ikhoza kutenthetsa kilogalamu ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pafupifupi pa 80. Phula la parafini, longa lopangira makandulo, lomwe ndi chimodzi mwa zinthu za PCM, limameza makilojoule pafupifupi 200 pa kilogalamu, pamene konkire imasunga osakwana kilojoule imodzi pa digiri iliyonse, kotero kuti kilogalamu imodzi ya phula ikusungunuka imagwira ntchito ya makilogalamu oposa 20 a konkire yomwe yatentha ndi madigiri 10. N'chifukwa chake kampani ya BASF ya ku Germany inapanga timibulu ta phula totchedwa Micronal toti tizisakanizidwa m'mabolodi a khoma ndi a siling'i.

Injiniya_wa_mphamvu:
Zimene anena aphunzitsiwa n'zoona, koma funso lanu, bambo, yankho lake lenileni lili pa usiku osati pa masana. Zinthu zimenezi sizithetsa kutentha ayi, zimangokusunga kwa maola angapo, ndipo ziyenera kukutaya kusanache kuti mawa lake zikhale zokonzeka kulandira kwina. Ngati mwasankha chinthu chosungunuka pa madigiri 26, koma usiku wonse mpweya sukutsika pansi pa 28, chinthucho chidzakhala chamadzimadzi mpaka kalekale, ndipo ndalama zanu zidzakhala zitangolowa m'khoma.

Pachifukwa chimenechi tiyenera kusiyanitsa madera otentha a mitundu iwiri. Kumadera ouma, monga m'zipululu ndi m'malo okwera, usiku kumazizira kwambiri poyerekeza ndi masana, ndipo kutsegula mawindo kapena kuyatsa fani yaing'ono usiku n'kokwanira kuti phula liundanenso. Kumadera a chinyezi a m'mphepete mwa nyanja zikuluzikulu kusiyana kwa usana ndi usiku kumakhala kochepa, ndiye phindu nalonso limachepa, pokhapokha ngati makina oziziritsa akugwira ntchito usiku kuti aundanitse chinthucho. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwaona kaye kutentha kwa usiku m'miyezi yotentha kwambiri ya kumene mukumangako, kenako musankhe chinthu chosungunuka pa madigiri okwererapo pang'ono kuposa pamenepo. Dziwaninso kuti phula limayaka moto ndipo silidutsitsa kutentha msanga, n'chifukwa chake amalisakaniza ndi graphite (chinthu chakuda cholembera cha m'pensulo) kapena kuliyika pakati pa timapepala ta aluminiyamu.

Mayi_wofufuza:
Ndiwonjezepo za michere yokhala ndi madzi m'kati mwake, popeza ambiri amaikonda chifukwa siyaka moto ndiponso ndi yotsika mtengo kuposa phula. Calcium chloride wamtunduwu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 29, pamene mchere wa Glauber umasungunuka pa 32, ndipo manambala amenewa ndi oyenerera madera otentha. Vuto lake ndi lakale. Mu 1948 wasayansi Mária Telkes, pamodzi ndi wolemba mapulani Eleanor Raymond, anamanga nyumba ku Dover m'chigawo cha Massachusetts ku America, yomwe inkafunditsidwa ndi kutentha kwa dzuwa kosungidwa mu mchere wa Glauber. Patapita zaka zochepa mcherewo unalekana ndi madzi ake n'kudikha pansi, zotengera zinachita dzimbiri n'kuyamba kudontha, ndipo njirayo inasiyidwa. Masiku ano mu mchere wa Glauber amathiramo ufa woyera wotchedwa borax kuti mcherewo uyambe kuundana pa nthawi yake, ndi zina zolimbitsa kuti usadikhe, komabe musanagule funsani wogulitsa kuti chinthucho chinayesedwa kusungunuka ndi kuundana kangati.

Mmisiri_wa_nyumba:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye kuti kumadera a chinyezi njirayi ilibe ntchito?

Injiniya_wa_mphamvu:
Ntchito ilipo, koma makamaka m'mafiriji osati m'makoma. Mafiriji osungira katemera oyendera sola popanda batire amaundanitsa madzi dzuwa likamawala, ndipo madzi oundanawo amasunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8 usiku wonse ngakhalenso m'masiku a mitambo. Pamenepo choundanitsa ndi makina, ndiye kutentha kwa usiku sikulepheretsa kanthu. Koma pa nyumba yokhalamo, yambani ndi denga lowala, zotchingira kutentha pansi pa denga ndi mthunzi pa mawindo, chifukwa phula lochepa limene mungayike mu siling'i lidzasungunuka lonse dzuwa lisanafike paliwombo ngati denga likulowetsa kutentha konse.