Ndiyambire pati posandutsa Delica yakale kukhala galimoto yogonamo?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Mitsubishi Delica L300 ya 1992, ya 4WD, injini yake ndi 4D56 ya dizilo, ya malita 2.5 yokhala ndi turbo. Yayenda makilomita 240,000. Ndikufuna kuchotsa mipando yakumbuyo kuti tizigonamo anthu awiri paulendo wa masiku atatu kapena anayi, misewu yambiri yafumbi. Ndikufunamo bedi, kafiriji, madzi, magetsi ndi pophikira. Pa ngalande za denga penti yatupa timatuza, komanso kasingano ka kutentha kwa injini kamakwera pang'ono ndikamakwera mtunda wautali. Plywood ya mamilimita 18 ili bwino? Nanga batire lachiwiri ndingolilumikiza ku loyambalo?

Sipanala17: Achimwene, za plywood zidikire kaye. Nkhani yaikulu mwaitchula kumapeto ngati yosafunika, ndiyo ya kasinganoko. Injini ya 4D56 ndi yopirira, koma ikatentha mopitirira, mutu wake wa aluminiyamu umang'aluka. Ngati ikutentha ilibe katundu, nanga mukaisenzetsa makilogalamu 300?

Injini ili yozizira, tsegulani chotsekera cha radiator, muilize, muyang'ane m'madzimo. Mukaona tithovu tikungotuluka osaleka, pitani nayo kwa makaniko akayeze ngati mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi. Pali mankhwala oyezera amene amasintha mtundu zikakhala choncho. Ngati zili bwino, sinthani thermostat, chotsekeracho ndi mapaipi a labala onse, ndipo radiator itsukidwe kapena mugule ina. Yesaninso fani. Injini itatentha n'kuizimitsa, fani iyenera kulimba poizunguza ndi dzanja. Ikamangozungulira mopepuka ndiye kuti clutch yake yatha, ndipo n'chifukwa chake vuto likuonekera pa mtunda basi.

Kenako malamba. Injini iyi ili ndi awiri mkatimo, timing belt ndi kena kakang'ono ka balance shaft. Kakang'onoko anthu amakaiwala, koma kakaduka kamakalowa mu wamkulu uja, ndiye injini yonse yasokonekera. Ngati mulibe umboni wa tsiku lomwe anasinthidwa, sinthani onse awiri pamodzi ndi ma tensioner ndi pampu ya madzi, poti pamenepo mwatsegula kale.

Wowotcherera: Timatuza ta pa ngalande ndi dzimbiri lochokera mkati, penti yangoliphimba. Palani ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, ndipo musadabwe mukapeza timabowo. Chotsaninso kapeti ndi zophimba za m'mbali zonse musanagule chilichonse. Yang'anani pansi pa malabala a mawindo, mozungulira matayala akumbuyo, popondera pa chitseko chotsetsereka, ndi kunsi pomwe masipuling'i agwira. Bayani ndi sikuludiraiva. Ikalowa, pamenepo pafunika kudula n'kuwotcherera chitsulo china. Filler, phala lomatira bodi lija, pa bowo ndi kudzinamiza, imamwa madzi ndipo dzinja limodzi lokha yatupa.

Kuwotcherera konse kuthe mkati mulibe kanthu. Thovu lotchingira kutentha ndi matabwa sizichedwa kuyaka.

Sikelo: Ndiyankhe za plywood, koma tiyambe ndi masamu. Pa galimotoyo pali kachitsulo kapena kapepala kolembapo kulemera konse komwe ikuloledwa kufika itanyamula, apo ayi onani m'mapepala ake. Chotsani mipando, dzazani thanki, mukaikweze pa sikelo ya magalimoto. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiye katundu yense amene mungaikemo, kuphatikizapo inuyo ndi mnzanuyo. Pemphani akuyezereni matayala akutsogolo paokha, akumbuyonso paokha.

Tsono taonani momwe zimathera msanga. Anthu awiri ndi makilogalamu pafupifupi 150. Madzi, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita 40 ndi makilogalamu 40. Batire la AGM (la mtovu, lotsekeka losadontha) la 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi omwe limasunga) ndi pafupifupi 30. Firiji yodzaza ndi 30 enanso. Mwafika 250 musanadule thabwa ngakhale limodzi, zovala, zida ndi jeke osawerengera. Shiti imodzi ya plywood ya mamita 2.44 ndi 1.22 ikakhala ya mamilimita 18 imalemera makilogalamu opitirira 30, ya 12 ndi pafupifupi 21, ya 9 pafupifupi 16. Mashiti anayi a 18 ndi munthu wachitatu wonenepa amene sadzatsikamo.

Pansi ikani ya 9 kapena 12. Mafelemu a bedi pangani ndi timatabwa topepuka ta paini, m'mbali mwa makabati ya 6 kapena 9 ikwanira, makoma ya 4. Ya 18 mwina pa kathebulo kophikirapo pokha. Kulimba kumachokera ku guluu ndi momwe mwalumikizira ngodya, osati kunenepa kwa thabwa.

Zolemera zonse zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. L300 ndi yaitali m'mwamba koma yopapatiza. Kuika majerikeni ndi tayala lapadera padenga kumaoneka bwino pa chithunzi, koma pa njira yopendekeka mudzamva mtima kupita m'khosi.

Wofunsa: Zikomo akulu. Ndiye makabatiwo ndiwamangirire bwanji? Ndimaganiza zongowakhomera ndi masikulu ku plywood ya pansi.

Sikelo: Ayi ndithu. Masikulu a m'thabwa amasukusika ndi mabampu, ndipo pa ngozi amangozuka. Kabati ya makilogalamu 20 galimoto ikaima mwadzidzidzi imakankha ngati makilogalamu mazana angapo, ndipo imalowera kumene kuli mitu yanu. Mabowo a mabawuti omwe ankagwira mipando ndi olimbitsidwa kale kufakitale, gwiritsani ntchito amenewo. Pomwe palibe, boolani mpaka kunsi, bawuti ya M8, kunsiko muike kachitsulo kathyathyathya kokulirapo kuti pansipo pasang'ambike. M'makoma ikani ma rivnut a M6, manati okhomereka m'bowo la chitsulo, pa nthiti za bodi.

Musanaboole pansi, gonani kunsi ndi tochi. Thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya zimadutsa momwemo. Vekani kapaipi pa dirilo kuti isalowe kupitirira sentimita imodzi. Bowo lililonse lipakidwe penti, ndipo tinyenyeswa ta chitsulo tichotsedwe tsiku lomwelo chifukwa timachita dzimbiri pa penti yabwinobwino.

Sipanala17: Ndionjezere: injini ya L300 ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo mumaifika potukula mpando. Musamange kabati yoguna kumbuyo kwa mipandoyo moti mpando n'kulephera kutukuka. Pamene pali tizitseko tofikira zinthu za pansi, plywood idulidwe kuti pazitseguka. Makaniko akafuna kufika pamalo sadzamvera chisoni ntchito yanu yokongolayo.

Namagetsi: Bambo, mabatire awiriwo musawalumikize mwachindunji. Firiji idzamwa onse awiri usiku ndipo m'mawa galimoto siilira. Pakati pafunika chowalekanitsa injini ikazima.

Yambani ndi kuwerengera zomwe mudzagwiritse ntchito. Firiji ya compressor ya malita 40 imakoka mawati pafupifupi 45 ikamalira. Ikalira maola 8 pa tsiku ndi 360Wh, kapena kuti 30Ah pa mavoti 12, ndipo kukatentha kwambiri zimakwera. Onjezerani mababu a LED, fani ya padenga ndi mafoni, mufika 45 kapena 50Ah pa tsiku. Batire la AGM la 100Ah silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye limakupatsani tsiku limodzi basi. La lithium, mtundu wa LiFePO4, la 100Ah lomwelo mutha kugwiritsapo ntchito 80 kapena 90Ah, ndipo limalemera makilogalamu 12 kapena 13. Pa galimoto yomwe kulemera kwavuta kale, ine ndingasankhe limenelo.

Lithium imafuna chaja ya DC-DC, yomwe imaika malire pa magetsi ochokera ku alternator, chopangira magetsi cha injini. Popanda chajayo, lithium imakoka magetsi ambiri ikatsika, ndipo alternator yakale ikhoza kupsa, makamaka injini ikungolira galimoto itaima. Chaja ya 20A ndi yokwanira, musapitirire 30A. Waya wake, ngati mtunda uli mamita 5 kupita ndi 5 kubwerera, wa 16mm² umataya mavoti pafupifupi 0.3 pa 30A, pamene wa 10mm² umataya opitirira 0.5. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire lililonse, masentimita osapitirira 20. Ntchito ya fyuzi ndi kuteteza waya, choncho kukula kwake kutsatire waya. Paliponse pomwe waya wadutsa pa chitsulo pakhale kalabala. Moto wambiri wa m'magalimoto otere umayambira pa waya wopekeseka.

Sipanala17: Mayi, pa lithium ndikutsutsani pang'ono. Ulendo wa masiku atatu akuyenda tsiku ndi tsiku, AGM ndi relay yosavuta yowalekanitsa mabatirewo zikwanira, ndipo zikavuta kutali makaniko aliyense amazidziwa. Lithium sichajidwanso kukazizira kufika pansi pa 0°C.

Namagetsi: Zoona, akulu, ngati akuyenda tsiku lililonse maola angapo. Koma akaima pamalo amodzi masiku awiri, AGM ija yatsika kupitirira theka, ndipo ikamatero kawirikawiri imafa msanga. Za kuzizira, mabatire ambiri a LiFePO4 ali ndi BMS, kachipangizo koteteza batire, yomwe imakana yokha kuchaja, angofunsa pogula. Chomwe tingagwirizane n'chakuti sola ya mawati 150 mpaka 200 ndi chowongolera cha MPPT imathandiza mtundu uliwonse, ndipo panelo ndi katundu yekhayo amene ndingamulole padenga.

Wowotcherera: Za kutchingira kutentha sizinafunsidwe, koma zimakhudza dzimbiri lija. Anthu awiri akagona usiku wonse mawindo ali otseka, mpweya wopuma umasanduka madzi pa chitsulo chozizira, n'kuyenderera kuseri kwa makoma komwe simuona. Ubweya wagalasi uja wa m'madenga a nyumba umasunga madziwo. Thovu lopopera la m'kabotolo limatseka timabowo totulutsira madzi m'munsi mwa zitseko, ndipo limatha kutupitsa chitsulo cha bodi. Chabwino ndi thovu la labala losamwa madzi, lomata lokha, ngati Armaflex, mamilimita 10 mpaka 19, lomatidwa pa chitsulo penipeni osasiya mpata wa mpweya.

Komabe galimoto yodzaza ndi mawindo ngati imeneyi kutentha kwambiri kumalowera pa magalasi. Zophimba mawindo zonyezimira ndi mpweya woyenda zimathandiza kuposa kukulunga khoma lililonse. Fani ya padenga imafuna bowo la masentimita 40 mbali zonse kapena locheperapo pang'ono, malinga ndi mtundu wake. Dulani pakati pa nthiti za denga, osadula nthiti. Matani ndi butyl tape ndi sealant ya polyurethane. Silicone ya kubafa, yonunkha ngati viniga ija, imadya chitsulo.

Bedi likhale la timatabwa totalikirana kuti matiresi azipuma, apo ayi kunsi kwake kuchita chuku. Yezani kuti kuchokera pa matiresi kufika kudenga pakhale masentimita pafupifupi 90, kuti muzitha kukhala tsonga osagunda mutu.

Namagetsi: Pophikira: gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amadikha pansi. Silinda iime chilili, yomangidwa, m'bokosi lotsekeka bwino lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja. Chosavuta kwambiri ndi dirowa yokoka ku chitseko chakumbuyo n'kumaphikira panja. Chitofu si chowothera, ndipo makala oyaka asalowe m'galimoto ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa carbon monoxide sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Gulani alamu yake ndi chozimitsira moto.

Wofunsa: Ndamva. Ndiye injini, dzimbiri, sikelo, kenako zinazo. Funso lomaliza: kumbuyo kukatsika chifukwa cha katundu, ndingowonjezera masipuling'i? Ndimaganizanso zoika matayala okulirapo.

Sipanala17: Malizani kumanga, pakirani katundu yense, muyezenso pa sikelo, ndiye muone za masipuling'i. Kuwonjezera chitsulo chimodzi cha sipuling'i mbali iliyonse kumakweza kumbuyo, koma sikusintha kulemera kololedwa kuja, chifukwa mabuleki ndi ma bearing ndi omwe aja. Yang'ananinso pamwamba pa ekisero yakumbuyo. Magalimoto ambiri a mtundu uwu ali ndi valavu yomwe imagawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo poona momwe bodi yatsikira. Mukakweza bodi osaisintha, imaona ngati galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo pamene mukuwafuna kwambiri.

Matayala okulirapo amalemetsa injini pa mtunda, ndipo yanuyi ikutentha kale. Khalani pa saizi yake, musankhe olembedwa LT kapena C onyamula katundu, onse anayi ndi lapaderalo akhale ofanana. 4WD ya L300 ndi yoika ndi kuchotsa, ilibe diff yapakati yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, choncho pa tala wouma yendani pa 2H, pomwe amakoka matayala awiri okha. Mukaisiya pa 4H, pomwe onse anayi amakoka, ma shaft amalimbana pokhota mpaka china chithyoke.

Sikelo: Musanachotse mipando, funsani ku ofesi yolembetsa magalimoto ya m'dziko lanu ngati kusintha chiwerengero cha mipando kukufuna kuyezetsa kapena kusintha mapepala, ndipo a inshuwalansi muwauze polemba. Mipandoyo ndi mabawuti ake sungani kaye.

Wowotcherera: Mukapala ngalandezo mujambule pafupi muike pano, chakumakona akumbuyo makamaka. Tione ngati n'zowotcherera kapena zongopaka mankhwala a dzimbiri ndi primer.